Makina a boti: madzi ndiwo amasankha

Ena mwa ogulitsa nsomba pa Njuli, atatopa ndi kupikula kwa anzawo, amaganiza zokhala ndi boti lawolawo ndi kulemba alovi. Ndi maganizo abwino. Vuto limabwera pogula zida, chifukwa pa Facebook ndi pa WhatsApp pamatsatsidwa makina ofufuzira nsomba, GPS ndi timainjini ta batire ngati kuti zimagwira paliponse. Mpamba ukhoza kuthera m'bokosi losatsegulidwa.

Funso loyamba ndi lakuti botilo likagwira kuti: ku Kachulu pa Chilwa, kapena ku Msaka ndi Makanjira pa nyanja ya Malawi?

Makina ofufuzira nsomba, otchedwa fish finder, amatumiza mawu pansi pa madzi n'kujambula zimene zabwerera. Ambiri otsika mtengo amaona malo ozungulira, otambalala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madziwo. Pa madzi akuya mamita 30 amaona malo a mamita 10, okwanira kupeza gulu la utaka kapena usipa asanaponye chilimira. Koma Chilwa ndi nyanja yosaya, malo ambiri sapitirira mamita awiri. Pamenepo makinawo amaona kadera ka masentimita 70, kofanana ndi pakamwa pa beseni lochapira. Mlovi wokulira pa Chisi amadziwa pogona matemba ndi makumba kuposa pamenepo. Nyanjayi inaumaponso mu 1995 ndi mu 2018, ndipo ngongole ya makina siyembekezera madzi kuti abwerere.

Kainjini ka batire nakonso kamafuna masamu. Kolembedwa 55 lb kamakoka ma amp pafupifupi 50 kakatsegulidwa konse, choncho batire ya 100Ah siyingakwanitse maola awiri. Ikhalenso ya deep cycle, yonga ya sola. Ya galimoto imafa msanga ikamaphwa tsiku lililonse. Kainjiniko n'koyendera pang'onopang'ono pamadzi odekha. Pa Chilwa udzu umakulunga pulopela, pomwe ku nyanja yayikulu mwera ukawomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, sikangabweze boti kumtunda. Kumeneko pamafunika injini ya petulo ngati Yamaha ya 15 kapena 25 hp, ndipo wogula afunse kaye ngati mapulagi ndi pulopela yake zimapezeka ku Mangochi kapena ku Limbe, komanso ngati makaniko wa pa doko amaidziwa. Injini yakale ayilize m'diramu la madzi asanapereke ndalama, aone ngati ikulavula madzi oziziritsa.

GPS ndiyo yosavuta. Foni yamakono ili nayo kale, ndipo imagwira popanda bandulo malinga mapu akopedwa kale. Imasunga malo amene nsomba zinapezeka dzulo ndi njira yobwerera usiku, zimene zimapulumutsa petulo. Chofunika ndi kathumba kosalowa madzi ndi power bank.

Kwa wopita ku usipa, ndalama zoyamba zipite ku injini, ukonde, nyali za LED ndi majekete oyandama. Fish finder idikire. Wa ku Chilwa asamale boti, nkhafi ndi ukonde wa maso ovomerezeka. Onse awiri adule chiphaso ku Fisheries, adziwike ku komiti ya BVC ya pa dokolo, ndipo powerengera phindu achotseretu miyezi imene nyanja imatsekedwa.