Phunziro: Mpata wa Mozambiki

Ife a ku Kalomwe timakhala kumapiri a Angónia. Ambiri mwa ife sitinaionepo nyanja yamchere. Koma feteleza amene timathira m'minda ya chimanga ndi kachewere amabwera pa nyanja. Mafuta a galimoto nawonso amabwera pa nyanja. Zombo zimatsitsa katunduyu ku Beira ndi ku Nacala.

Kum'mawa kwa dziko lathu kuli chilumba chachikulu cha Madagascar. Pakati pa chilumbachi ndi dziko lathu pali madzi otchedwa Mpata wa Mozambiki. Mpatawu ndi wautali makilomita 1,600. Pamalo popapatiza, m'lifupi mwake ndi pafupifupi makilomita 420. Kumpoto kwake kuli zilumba za Comores.

Mpata uli ngati mlatho wa pa mtsinje. Munthu akatseka mlatho, aulendo onse amaima.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, njira ya ku Mediterranean inali yoopsa. Choncho zombo za Angerezi zinkazungulira ku South Africa ndi kudzera mu mpata wathu popita ku Egypt ndi ku India. Nthawiyo Madagascar inali m'manja mwa Afalansa ogwirizana ndi Germany. Angerezi anaopa kuti Japan itenga chilumbacho ndi kutseka njira.

Pa 5 May 1942 Angerezi anathira nkhondo doko la Diego Suarez, kumpoto kwa Madagascar. Pa 30 May zombo za Japan zoyenda pansi pa madzi zinaononga chombo chankhondo chotchedwa Ramillies padokolo. Mu June ndi July zinamiza zombo zamalonda zoposa 20. Asilikali a ku Nyasaland, olankhula chinenero chathu chomwechi, anakamenya nawo nkhondo pachilumbapo. Afalansa anagonja mu November 1942.

Kuyambira 1966 mpaka 1975 zombo za Angerezi zinkalondanso pafupi ndi Beira. Zinkaletsa mafuta kuti asapite ku Rhodesia ya Ian Smith.

Taona kuti mpata ukatsekeka, katundu safika padoko. Akapanda kufika padoko, safikanso kumsika kwathu.

Mafunso okambirana
1. Kodi mpatawu uli pakati pa maiko ati?
2. Chifukwa chiyani Angerezi anapita ku Madagascar mu 1942?
3. Tchulani zinthu za m'nyumba mwanu zimene zinaoloka nyanja.

Tilembe m'makope: mpata, chilumba, chombo, doko.