Foni yanga yasanduka padi

Azakhali,

Ndili pabanja ku Chipadze, kuno ku Bindura. Bambo a kunyumba amagwira ntchito pamgodi wa golide. Akangoweruka n'kudya nsima, amatenga foni yanga n'kukhala pa laputopu mpaka tambala woyamba, zala zili pagalasi, akukuwa "Chagoli!" Kukamacha batire imakhala itatheratu. Kodi akufufuza WhatsApp yanga?

Wodandaula, Chipadze.

Mwana wanga,

Wandiseketsa mpaka misozi. Mwamuna wofufuza mauthenga sakuwa "Chagoli!" Amakhala duu, thukuta lili kamukamu. Mkazi mnzako ndi mpira wa pakompyuta, FIFA uja amene kuyambira 2023 akumutcha EA Sports FC.

Ndikuona kuti padi yawo yosewerera mpirawo inafa, ndiye apeza njira yachidule. Pali mapulogalamu monga Monect PC Remote amene amaikidwa pafoni ndi pakompyuta, n'kulumikiza ziwirizo pa Wi-Fi kapena Bluetooth. Galasi la foni limaonetsa mabatani, ndipo pa masewera a galimoto ukapendeketsa foniyo imakhala chiwongolero. Kompyuta imangoti walumikiza padi yeniyeni, ngati mlonda wa pageti amene walowetsa munthu wa chiphaso cha mnzake. Galasi loyaka usiku wonse ndilo likumwa batire yako.

Koma foni yako bwanji, osati yawo? Apo pokha ndiye ndakweza nsidze. Yawo akuisungira ndani? Usawazonde, afunse maso ndi maso. Safunsa anadya phula.

Mankhwala ake ndi awa. Pa malipiro akubwerawa agule padi ya waya, ngakhale yotchipa ya m'mashopu a m'tauni. Masewera ena akaikana, pali pulogalamu yaulere ya x360ce imene imaichititsa kuoneka ngati ya Xbox 360. Aitenge pa tsamba la eni ake, chifukwa zotola paliponse pa intaneti zimabwera ndi mavairasi.

Kenaka muikirane nthawi. Munthu wolowa pansi pa mgodi m'mawa safunika kugona 3 koloko chifukwa cha mapenate. Tulo kumeneko timapha.

Ndipo agule mapadi awiri. Phunzira nawe, usankhe timu yako, uwamwetse zigoli zitatu ana akuonerera. Ndikulumbira pali malume ako, mawa lake adzazimitsa okha laputopu 9 koloko isanakwane.

Foni ndi yako, mwana wanga. Ika pasiwedi lero lomwe.

Ndine Azakhali ako.