Pakhonde pa Azakhali: Malata 36 ndi bambo wa njinga yamoto

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala m'dera la Mfumu Kasakula ku Ntchisi. Kwathu kwenikweni ndi ku Dowa, koma amuna anga adanditenga chitengwa, chiongo adapereka, ankhoswe a mbali zonse akudziwa. Tidakhala m'banja zaka 16. Chaka chatha m'nyengo yozizira adadwala masabata awiri okha n'kutisiya. Wilo sadalembe.

Tidamanga nyumba ya njerwa zootcha, zipinda zitatu, malata 36, pansi pa simenti. Ndalama zake zidachokera ku fodya ndi soya zomwe tinkalima awiri. Dothi la njerwa ndinkaponda ndine, madzi kudambo ndinkatunga ndine.

Tsopano alamu anga, akulu awo a malemu, abwera kuchokera ku Joni. Akuti nyumbayi ili pa dothi la makolo awo, ine ndine wobwera, ndiye akandisudzula ndizipita kwathu. Wogula apeza kale, venda wina wa soya yemwe akufuna poika matumba ake, ndipo alemberana m'kope. Ngolo ndi ng'ombe ziwiri adatenga kale, ati akukasunga. Ana a mlongo wawo nawonso akuti chuma cha malume n'chawo. Kwatulukiranso kamnyamata ka ku Mponela komwe sindinkakadziwa, koma mphuno ndi ya malemu ndithu.

Ine ndikuganiza zowatsogolera, ndigulitse ndekha nyumbayi ndikayambe geni ku Mponela. Pali bambo wina wa njinga yamoto amene wakhala akundilimbitsa mtima, akuti ndalamazo tikhoza kuzichulukitsa. Ndi munthu wabwino, amapemphera. Nditani?

Wosowa Tulo, Kasakula

Mwana wanga Wosowa Tulo,

Pepa ndi zovutazi, pepa ndithu. Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Koyamba ndalira nawe. Kachiwiri ndavala magalasi, ndipo m'pamene ndaona kanjinga kamoto kataimikidwa kuseri kwa ndime yomaliza, injini ikadali yotentha. Wakabisa bwino ngati ndalama ya pamfundo ya chitenje, koma Azakhali adayamba kale kumasula mfundo iwe usadabadwe. Kasiye pomwepo kazizire, tikapeza. Tiyambe ndi alamu.

Alamu akowa sakunama zonse ayi, angotsalira. Ali ngati munthu wobwera ndi ndalama zakale kusitolo n'kumadabwa kuti wogulitsa akuseka chiyani. Lamulo lakale la chuma chamasiye, la 1967, linkawakomeradi. Kuno kwa ife a chikamwini mwamuna akamwalira opanda wilo, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri okha mwa asanu, atatu otsalawo n'kupita kwa olowa chuma mwa mwambo. Ine ndidalawa lamulo limenelo, si nkhani yomva. Amalume ako atatisiya, abale awo adabwera m'mawa wotsatira kumeta, maso ali ofiira ndi kulira koma manja ali achangu ngati a anyani m'munda wa chimanga. Wailesi idapita, njinga idapita, mpaka mtondo. Mayi wina adanyamula lichero langa lothyoka m'mphepete, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti akupetera chiyani.

Koma lamulo limenelo lidafa mu 2011. Lomwe lilipo tsopano, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limati munthu akamwalira opanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, kenako amene ankadalira malemuyo kuti adye. Mchimwene wamkulu wa ndevu zake, wochoka ku Joni ndi jekete yachikopa ndi foni ziwiri, sali m'gulu limenelo. Ziwiya za m'nyumba, mipando, mabedi, mapoto, zonsezo ndi zako, sizilowa n'komwe m'kugawa. Ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu womwe chilango chake chimafika zaka 10 kundende, kuwonjezera apo khoti limalamula kuti katunduyo abwezedwe. Ng'ombe zija zomwe "akusunga", afunse mwaulemu kuti akusungira yani, popeza eni ake akadali moyo ndipo khola lili pomwepo.

Adzukulu a malemu, ana a mlongo wawo aja, ndikuwamvetsa. Mwa Chichewa chathu malume ndiye mwinimbumba, ndipo kale mwana wa mlongo ndiye ankalowa dzina ndi chuma. Za dzina ndi ufumu akakambirane kubwalo, izo sizikukhudza. Koma za nyumba, lamulo limangowadziwa ngati pali wina wamng'ono yemwe malemu ankamulipirira sukulu. Apongozi ako ngati ali moyo, iwowo ndiye usawaiwale. Kholo lomwe linkadalira malemu lamulo limaliwerengera, ndipo ngakhale likadapanda kutero, nkhalamba yomwe yaika mwana wake m'manda siyenera kugona ndi njala iwe uli ndi soya m'nyumba.

Tsono kamnyamata ka mphuno kaja. Ha! Malemuwa ankati akupita ku Mponela kukafunsa mtengo wa feteleza eti? Adafunsadi, ndipo yankho lake ndi limenelo likuyenda ndi miyendo iwiri. Meza malovu mwana wanga, chifukwa apa lamulo silikukondera. Mwana ndi mwana, kaya adabadwira m'banja kaya kuseri kwa sitolo. Zikatsimikizika kuti ndi wa malemu, ali ndi gawo ngati ako atatuwo. Usalimbane naye, sadadzibereke yekha. Komanso taganiza, iyeyo ndi mnzako pa mlanduwu, chifukwa alamu akagulitsa nyumba nayenso watsala m'madzi.

Za kope lija ndaseka mpaka kutsokomola. Venda wa soya ameneyo amadziwa kukhotetsa sikelo, koma apa sikelo yakhotera iye. Munthu sagulitsa chomwe si chake. Chuma chamasiye sichigulitsidwa ndi aliyense amene wayamba kudzuka, pamafunika munthu wopatsidwa mphamvu yochiyendetsa, ndipo mphamvuyo imachokera kukhoti kapena ku maofesi a boma oona za chuma chamasiye, osati kwa mboni ziwiri za pamowa. Ndiponso nyumba yonseyo si yamasiye. Mapazi ako adaponda dothi, msana wako udasenza ndowa kukwera nazo mtunda wa kwanuko, womwe ngakhale mbuzi imaima kaye pakati kupuma. Unkasoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii, bambo n'kukwera lole ndi mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo. Ngakhale lamulo la maukwati la 2015, banja likatha, limawerengera ntchito za pakhomo ngati gawo lomwe mkazi waikapo pa chuma. Ndiye wamasiye amene adaumba njerwa ndi manja ake angatchedwe bwanji mlendo?

Koma imva bwino apa, chifukwa mpeni womwewu ukuchekanso kwa iwe. Ngati alamu sangagulitse okha, iwenso sungagulitse wekha. M'nyumbamo muli gawo la ana, ndipo ena mwa iwo sadafike n'komwe poti n'kusainira kanthu. Dothi lomwe nyumba yakhalapo ndi la makolo, lili m'manja mwa mafumu, silisintha mwini ngati mbuzi ya pamsika. Chiyambire lamulo la malo a makolo la 2016, nkhani za malo otere zimadzera kukomiti ya malo yomwe wapampando wake ndi gulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, atatu kapena kuposa apo amayenera kukhala amayi. Ukati uwatsogolere alamu, ndiye kuti nonse awiri mukuthamangira dzenje limodzi, iwe ukungofuna kuyamba kugweramo.

Nanga mtengo wake? Nyumba ya kumudzi, mwanawe, ili ndi mitengo iwiri. Kumanga imadya fodya wa zaka zisanu. Kugulitsa, wogula amawerenga malata ndi zitseko basi, n'kunenanso kuti msewu wa kuno dzinja umavuta, mundichotsereko. Ndalama yomwe angakupatse ukapita nayo ku Mponela, lendi ikudikira, makala ogula, madzi ogula, ndiwo zogula, ngakhale chisoso chomwe kwanu umachiponda popita kudimba. Pofika Febuluwale ndalama yatha, ana atatu ali m'kachipinda kamodzi, venda uja akuwunjika matumba pomwe padali bedi lako.

Eya, njinga ija yazizira tsopano, tiyeni tiikankhire pabwalo.

Sindikukuletsa kukondedwa. Ndiwe mtsikana, magazi akuyenda, ndipo Juni wa ku Ntchisi bulangete limodzi silikwana, ndikudziwa. Amene angakuuze kuti ukhale wamasiye mpaka imvi, muuze abwere adzakambe ndi ine. Koma bambo wolimbitsa mtimayu ndili naye ndi mafunso. Adayamba liti kupemphera nawe, nyumba isadamveke kuti ikugulitsidwa kapena itamveka? Mawu oti "tikhoza kuzichulukitsa" amenewo, "ti" ameneyu akuikapo chiyani iye? Njinga? Ndipo njingayo ndi yake, kapena madzulo amakapereka ndalama ya tsiku kwa bwana? Ine ndaona amuna ambiri odziwa kuchulukitsa ndalama za akazi amasiye. Amazichulukitsadi, kungoti zimakachulukira kwa mkazi wina ku Madisi.

Ndipo pali kachiganizo kena m'lamulo la 2011 lija komwe bamboyo ayenera kukamva ali chikhalire. Kukwatiwanso sikukulanditsa zomwe udalandira kwa malemu ayi, kupatula chinthu chimodzi, katundu wokhala pa malo a makolo. Ukangokwatiwanso, umwini wa nyumba yotero umapita kwa ana omwe udabereka ndi malemu. Wamva? Tsono kamuyese. Tsiku lina akabwera kudzakulimbitsa mtima, mupatse madzi akumwa, ukhale pamkeka, unene mofatsa kuti, "Bambo, ndafunsa kwa odziwa, nyumbayi ndi ya ana, ine ndibwera kwanu ndi zovala zanga ndi mapoto." Ukatero usamuyang'ane kumaso, uyang'ane phazi lake la kumanja. Likayamba kufunafuna kiki ya njinga, wadziwa.

Zochita zako nazi, ndipo uyambe sabata ino, usadikire kuti alamu akusudzule kaye. Itana ankhoswe ako a ku Dowa ndi a kuchimuna, mupite kwa nyakwawa, zikakanika kwa gulupu. Ukalankhule mwaulemu, utagwada, mawu ako akhale ochepa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo alamuwa ndi bambo wamkulu wa ana ako, mawa adzafunika pa chinkhoswe ndi pa maliro. Apatse mpata woti abweze ng'ombe nkhope yawo isadagwe pansi. Ambiri otere akangomva za zaka 10 amakumbukira msanga kuti ankangosungadi.

Koma usathere pamenepo. Kwera ulendo wa ku boma ku Ntchisi, ukatenge chikalata cha imfa ya malemu, ukalembetse chuma chonse ku ofesi ya DC, nyumba, ngolo, ng'ombe, njinga, ngakhale ndalama yomwe idatsala kubanki kapena m'foni. Ukatchule ana onse, wa mphuno uja yemwe. Akakuopseza kapena kukuchotsera chitseko usiku, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo a Legal Aid Bureau amaimira anthu osowa ndalama ya loya. Malisiti a malata ndi simenti ngati alipo m'chikwama cha malemu, asunge kwa mayi ako, osati pansi pa matiresi pomwe aliyense amayambira kufufuza. Ngati adatayika, mmisiri yemwe adamanga akadali moyo, amayi omwe unkatunga nawo madzi akadali moyo.

Ukadzaona kuti kukhala pakati pa abale a malemu kwafika powawa, poti lamulo silingakakamize munthu kukupatsa moni, pamenepo nkhani yosamuka tidzaikamba. Ikadzafika, idzachitike masana, mafumu ndi a boma akudziwa, gawo la mwana aliyense litalembedwa, osati usiku pa njinga yamoto ndalama zili m'bra.

Zikatha izi, iwenso ukalembe wilo yako. Pepala, siginecha yako, mboni ziwiri zomwe sizikulandirapo kanthu, basi. Wilo siitana imfa. Malemu amuna ako sadalembe, nanga idawasiya?

Undilembere zomwe phazi lija lichite. Likakhala phee pansi, mwina ndalakwira munthu wa Mulungu, ndipo ubwere naye ndidzamuone ndekha. Mudzanditengereko kachewere wa kwanuko, theka la thumba likwana kumbuyo kwa njinga.

Ndine Azakhali ako