Kumasula ndi Kumanga Kaseti ya Njinga Pakhomo

Musanagwire sipanala, tsimikizani kuti chili pagudumu lakumbuyo ndi kasetidi, osati filiwilo. Chotsani gudumu, zungulitsani magiya chobwerera m'mbuyo, maso ali pakati penipeni. Timano tolowetsapo chomasulira tikamazungulira limodzi ndi magiyawo, ndi kaseti. Tikangoima osasuntha, ndi filiwilo, ndipo imafuna chomasulira chakechake.

Zida ndi zitatu: chomasulira lockring (kamphete komanga kaseti), sipanala yaikulu, ndi chain whip, chitsulo chokhala ndi kachidutswa ka tcheni. Chain whip ikasowa, khomerani tcheni yakale pathabwa lolimba. Nyundo ndi sikuludalaiva zikhale patali. Zimangowononga timano ta lockring, mawa n'kusowa pogwira.

Imikani gudumu pansi, mulitsamiritse pamiyendo, magiya atayang'ana kutsogolo. Lowetsani chomasulira mpaka chikhale bwinobwino. Kolekani tcheni ya chain whip pa giya lina lalikulu. Popanda iyo kaseti imangozungulira nanu, chifukwa mbali yomasulira ndi yomwe habu imayenda yokha. Potozani sipanala mosemphana ndi mivi ya wotchi, dzanja lina litagwiritsitsa chain whip. Mukamva kulira kwa "krrr", musaope, ndi timizere ta lockring. Lockring ikachoka, sololani magiya, muwaike pansalu mwa ndondomeko yake pamodzi ndi timphete tapakati. Kamodzi kakasowa, magiya sadzasinthanso bwino.

Pukutani habu, mupake girisi pang'ono. Tsono iyang'anitsitseni: mizere yake siyofanana, pa habu za mtundu wa Shimano pali mpata umodzi waukulu kuposa inzake. Dzino lalikulu la m'kati mwa giya lililonse lilowe pamenepo, manambala olembedwa pagiya atayang'ana kunja. Giya likakana, musalikakamize, mwaphonya mpata. Kaseti ya magiya 7 pa habu ya magiya 8 imafuna kamphete ka 4.5 mm kayambe kulowa.

Lockring iyambeni ndi zala kuti isalowe mopingasa, kenako mumange ndi sipanala. Apa chain whip siifunika. Opanga ambiri amalembapo 40 Nm, ndipo kumeneko n'kumanga kwamphamvu ndithu. Gwedezani magiya ndi dzanja. Akamagwedera, pali kamphete kamene katsala.

Kaseti ikakhala yatsopano, gulaninso tcheni. Yakale yotanuka imadumpha mukamapalasa pachitunda, ndipo imadya mano atsopanowo msanga.