MUDZI UMENE UNABISA AYUDA

Phunziro la kumvera Mulungu ndi kumvera boma

Buku la Eksodo lisimba za anamwino awiri, Sifra ndi Puwa, amene anakana kupha ana amuna a Ahebri, cinkana Farao anawalamulira kutero, pakuti anaopa Mulungu. Nkhani yonga yomweyi inacitika m'dziko la France m'masiku a nkhondo yaikuru yaciwiri, pamene boma la Hitler linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni.

M'caka ca 1940 ankhondo a Germany anagonjetsa France, ndipo boma latsopano la Pétain linaika malamulo akuzunza Ayuda. M'mwezi wa July 1942 apolisi a France omwe anagwira Ayuda 13,000 mu Paris, mwa iwo ana oposa 4,000, ndipo ambiri a iwo anakaphedwa ku Auschwitz.

Kumapiri a kumwera kwa dzikolo kuli mudzi dzina lace Le Chambon-sur-Lignon. Eni mudziwo anali alimi osauka, zidzukulu za Akristu ochedwa Huguenot, amene anasautsidwa kowopsa kuyambira 1685, pamene mfumu Louis XIV inaletsa mapemphero ao. Cifukwa cace anadziwa bwino cowawa ca munthu wosakidwa ngati nyama. Mbusa wao, André Trocmé, pamodzi ndi mnzace Édouard Theis, anawaphunzitsa kuti Mkristu ayenera kukana lamulo loipa, koma wosagwira mfuti, wosadanso ndi wolamulirayo.

Nchito yace inayamba ndi mlendo mmodzi. Tsiku lina la cisanu mkazi Myuda wothawa ku Germany anagogoda pa khomo la mbusa, ndipo Magda, mkazi wa Trocmé, anamlowetsa. Pambuyo pace anadza ena ambiri. Alimi analandira ana m'nyumba zao nawadyetsa pamodzi ndi ana ao. Aphunzitsi anawalemba m'sukulu ndi maina acilendo. Ena anawapangira zitupa zatsopano. Enanso anawaperekeza mobisika kufikira malire a Switzerland. Apolisi akayandikira, othawawo anali kulowa m'nkhalango mpaka zoopsa zitapita.

M'mwezi wa August 1942 akuru a boma anaitanitsa maina a Ayuda onse okhala m'mudzimo. Trocmé sananame kuti mulibe, koma anakana poyera kuwapereka. M'mwezi wa February 1943 anamangidwa pamodzi ndi Theis ndi mphunzitsi wamkuru Roger Darcissac. Abusa awiriwo anauzidwa kuti akalemba dzina lao pa kalata yolonjeza kumvera Pétain adzamasulidwa. Iwo anakana, komabe anamasulidwa. Mbale wace wa mbusa, Daniel Trocmé, sanapulumuke. M'mwezi wa June 1943 anagwidwa pamodzi ndi anyamata amene anali kuwasunga, nakafera m'ndende ya Majdanek m'caka ca 1944.

Olemba mbiri ena awerenga kuti mudziwo ndi midzi yoyandikana nao inasunga anthu ngati 5,000, ocuruka a iwo Ayuda. M'caka ca 1990 a Yad Vashem ku Jerusalem analemekeza midzi imeneyi.

Malembo alangiza Mkristu kumvera maulamuliro, ndipo anthu ambiri a Le Chambon sanali opanduka. Anapitiriza kulima minda yao, osaukira munthu ndi zida. Koma pamene boma linafuna kuti apereke mlendo wosacimwa kwa akumupha, anazindikira kuti pamenepo mphamvu ya boma yatha, cifukwa moyo wa munthu uli wa Mulungu. Anakhoza kuima cifukwa anatsimikiza mtima tsoka lisanafike, pophunzira Mau m'timagulu ta m'nyumba zao. Mpingo umene suphunzira izi m'masiku a mtendere udzasowa coyankha tsiku limene wothawa adzagogoda.

Mafunso: Kodi Trocmé anakaniranji kunama kwa akuru a boma? Nanga Mkristu angazindikire bwanji lamulo limene sayenera kulimvera?