ATV ndi Side-by-side: Kuyenda Bwino M'malo a Boma ku America Nyengo Yotentha

Kumadzulo kwa dziko la United States, sukulu zikatsekera mu Juni, mabanja amamangirira ngolo kumbuyo kwa galimoto, n'kukwezapo timagalimoto ta matayala onenepa, ulendo wa kuchipululu ndi kumapiri. Ngati mumakhala kumeneko, kapena mwapita kukacheza kwa abale, tsiku lina wina adzakupatsani kiyi n'kukuuzani kuti, "Kwerani, n'chosavuta ichi." Kuliza injini n'kosavutadi. Ntchito ili pobwerera madzulo muli bwinobwino, osavulaza mnzanu, osasiya moto m'tchire. Kapepala aka kakufotokozerani za makinawa, malo amene amaloledwa kuyenda, ndi zofunika kusamala m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene kumeneko dzuwa limaswa mtengo.

Makinawa ndi otani?

Alipo a mitundu iwiri.

ATV, imene ena amaitcha quad, ndi njinga yamoto ya matayala anayi. Mumaikwera motang'adza, kugwira mahandulo, ndipo moto mumawonjezera pokankha kachitsulo ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Ya akuluakulu kawirikawiri imalemera makilogalamu 250 mpaka 400. Matayala ake amapopedwa pang'ono, nthawi zambiri 5 psi, pamene a galimoto wamba amapitirira 30. Kufewa kumeneku n'kumene kumaithandiza kugwira mchenga ndi miyala. Kampani ya Honda inayamba kugulitsa za matayala atatu mu 1970, koma zinkagubuduzika kwambiri moti mu 1988 makampani anagwirizana ndi boma kuti asiye kuzigulitsa. Za matayala anayi, zimene Suzuki inayambitsa mu 1982, ndizo zinatsala.

Side-by-side, imene ena amati UTV, ili ngati kagalimoto kopanda magalasi. Ili ndi chiwongolero, mapedulo, mipando yoyandikana, malamba, ndi zitsulo zokuta pamwamba zoteteza anthu ikatembenuzika. Oweta ng'ombe amanyamulira waya ndi chakudya cha ziweto, pamene zothamanga monga Polaris RZR ndi Can-Am Maverick anazipangira masewera.

Matayala anayi asakunamizeni

Chifukwa chakuti imaima yokha osaigwirira, anthu amaganiza kuti ATV singagwe. Bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, limawerengera anthu oposa 700 omwalira chaka chilichonse pa makina a mtunduwu, ndi ena pafupifupi 100,000 othamangira nawo kuchipatala.

Choyambitsa chili m'kapangidwe ka ATV. Ndi yaitali kupita m'mwamba koma yopapatiza, choncho kulemera kwake kuli pamwamba. Pa zambiri, matayala akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi ndipo amazungulira liwiro limodzi. Kuti ikhote, tayala lam'kati liyenera kuterereka pang'ono pafumbi. Pamsewu wa tala tayalalo limamata, osaterereka, ndiye makina onse amanyamuka mbali imodzi. N'chifukwa chake opanga amaletsa kuyenda nayo patala, kupatula podutsa pamene lamulo likulola.

Chimene chimaisunga kuti isagwe ndi thupi la wokwera:

- Pokhota, chepetsani liwiro musanafike pakona, pondani mwamphamvu popondera pa mbali yakunja, chifuwa chipendekere m'kati mwa kona.
- Pokwera chitunda, sendererani kutsogolo, ngakhale kuimirira pang'ono. Musawonjezere moto mwadzidzidzi, imadzuka kutsogolo n'kukugwerani.
- Potsika, khalirani kumbuyo, giya yotsika, mabuleki pang'onopang'ono.
- Injini ikazima pakati pa chitunda, gwirani mabuleki, mangani ya poimika, tsikirani mbali yakumtunda. Musailole kubwerera chambuyo muli pomwepo.
- Mapazi asachoke popondera. Wozolowera njinga yamoto ya matayala awiri amaponda pansi ikayamba kupendekeka. Pa ATV tayala lakumbuyo limagwira mwendowo n'kukukokerani pansi.

Mpando wake ndi wautali kuti woyendetsa azisuntha, osati kuti anyamule mnzake. Ngati sanaipangire anthu awiri, musakweze munthu.

Mu side-by-side chitetezo chili m'kati. Mangani lamba, tsekani chitseko kapena ukonde wa m'mbali. Ikayamba kugwa, mtima umakuuzani kutulutsa dzanja kuti mudzitchinjirize. Musatero. Gwirani chiwongolero kapena chogwirira cha wokwera, ndipo musagwire chitsulo chakunja, chifukwa ndicho chimayamba kumenya pansi.

Malo a boma si paliponse

Nthambi ya boma ya Bureau of Land Management, mwachidule BLM, imayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, ambiri mwa iwo kumadzulo. U.S. Forest Service ili ndi maekala 193 miliyoni a nkhalango ndi madambo. Malowa ndi a anthu onse, koma kuyambira 1972, pamene Pulezidenti Richard Nixon analamula nthambi za boma kugawa malo oyendamo makinawa, aliyense ayenera kudziwa pamene waima.

BLM imagawa malo ake patatu: otseguka, mmene mungayende paliponse, a malire, mmene mumatsata njira zovomerezeka zokha, ndi otsekedwa. Ambiri ndi a malire. M'nkhalango za Forest Service, potsatira lamulo la 2005, muli mapu aulere otchedwa Motor Vehicle Use Map, opezeka kuofesi ndi pa intaneti. Njira imene palibe pa mapu amenewa ndi yoletsedwa, ngakhale muone zidindo za matayala a ena. Njira zina ndi za makina osapitirira mainchesi 50 m'lifupi, ndipo ma side-by-side ambiri ndi otambalala kuposa pamenepo. M'madera otetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964 simulowa cha injini chilichonse, ndipo mapaki monga Arches ndi Canyonlands ku Utah salola makinawa.

Chigawo chilichonse chilinso ndi malamulo ake a kalembera, zilolezo ndi helemeti. Ku Utah, kuyambira 2023, ngakhale akuluakulu ayenera kuchita kaye maphunziro a pa intaneti. Safunsa anadya phula: imbani kuofesi ya BLM kapena ya nkhalango ya dera limene mukupita, mufunse njira zotseguka ndi ziletso za moto za sabata imeneyo.

Musananyamuke

1. Yezani mpweya wa matayala ndi geji ya mpweya wochepa. Tayala limodzi likaphwa pang'ono, makina amakokera mbali.
2. Kankhani kachitsulo ka moto n'kukasiya. Kabwerere kokha msanga. Yesani mabuleki onse.
3. Onani magetsi, oyilo, petulo ndi madzi oziziritsa injini. Chotsani matope ndi udzu pa rediyeta.
4. Gwedezani matayala, onani manati, tcheni kapena shafiti.
5. Longedzani madzi, chakudya, zomangira mabala, zomatira tayala, pampu, chingwe chokokera, tochi, fosholo yaing'ono ndi chozimitsira moto.
6. Koperani mapu m'foni ndipo tenganinso apepala. Netiweki imatha mukangochoka mumsewu waukulu.
7. Uzani munthu wotsala kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Musapite ndi makina amodzi okha.

Valani helemeti yokhala ndi chizindikiro cha DOT kumbuyo, ndipo mumange lamba wake wa pachibwano. Onjezani magalasi otchinga fumbi, malaya a manja aatali, buluku lalitali, magolovesi ndi jombo zophimba akakolo. Kutentha kumanyengerera munthu kuvula. Sankhani zovala zopepuka zolowa mphepo, koma musachotse chilichonse. Mowa ndi chamba zisiyeni kutali. Wogwidwa ataledzera m'tchire amaimbidwa mlandu ngati wa pamsewu.

Kutentha

M'chipululu cha Arizona, Nevada ndi kum'mwera kwa California kutentha kumapitirira madigiri 43, amene pa zikwangwani za kumeneko amalembedwa 110°F. Mpweya ndi wouma, ndipo mphepo ya paulendo imaumitsa thukuta lisanaoneke, moti munthu amatha madzi m'thupi osazindikira. Tengani malita osachepera 4 pa munthu aliyense pa tsiku, ndi ena apadera oti akuthandizeni makina akafa. Imwani pafupipafupi ludzu lisanakupezeni, ndipo dyani kanthu ka mchere. Nyamukani m'mamawa, dzuwa likafika paliwombo mukhale pamthunzi.

Mutu kuwawa, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu ndi chenjezo: imani, pitani pamthunzi, vulani helemeti, imwani madzi. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, moyo wake uli pachiswe. Imbani 911, muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ndipo musamumwetse kanthu ngati sakuzindikira bwino.

Ku Imperial Sand Dunes, kufupi ndi Glamis ku California, anthu ambiri amapita kuyambira Okutobala mpaka Epulo, chifukwa m'chilimwe mchenga umawotcha. Kumeneko makina onse ayenera kukhala ndi mbendera yofiira kapena ya olenji pa kandodo kofika mamita 2.4 kuchokera pansi, kuti wa kuseri kwa mulu akuoneni. Masana mchenga ulibe mthunzi, ndipo phompho limaoneka ngati pathyathyathya. Musadumphe nsonga ya mulu musanaone kuseri kwake.

Moto wolusa

Pa moto 100 uliwonse wa m'tchire ku America, pafupifupi 85 amayambitsa ndi anthu. M'malo a boma makina onse ayenera kukhala ndi spark arrestor, kasefa ka m'kati mwa ekizozi kogwira timakala tamoto tisanatuluke. Musakachotse, ndipo kayeretseni monga buku la makina likunenera.

Ekizozi yotentha imayatsa udzu wouma popanda ngakhale kamoto kothetheka. Musaime paudzu; funani pa miyala kapena padothi loyera. Mukadutsa m'tchire, zimitsani injini, suzumirani pansi, muchotse zinyalala zokodwa pafupi ndi ekizozi. Pa ngolo yonyamulira, tcheni chisakhwekhwerezeke pamsewu. Chilala chikakula, akuluakulu amalengeza ziletso m'magawo, ndipo nthawi zina amatseka nkhalango yonse. Woyambitsa moto angathe kulipitsidwa ndalama zonse zozimitsira.

Mvula ndi mphenzi

Kuyambira Julayi mpaka Seputembala, kum'mwera chakumadzulo kumagwa mvula ya mabingu ya masana. Khwawa louma, limene limaoneka ngati msewu wabwino wa mchenga, limadzaza m'mphindi zochepa ndi mvula imene yagwa kutali, pamene inu muli padzuwa. Madzi othamanga a masentimita 15 amagwetsa munthu, a masentimita 30 amakokolola galimoto. Mukaona mitambo yakuda kumtunda, tulukani m'khwawa. Mukapeza madzi akuthamanga, bwererani kapena dikirani.

Kumapiri a Colorado, njira ya Alpine Loop, pakati pa Lake City, Silverton ndi Ouray, imakwera mpaka mamita pafupifupi 3,900 pa Engineer Pass, kupitirira kutali nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje. Pamwamba potero mpweya umachepa, munthu amatopa msanga, injini imafooka, ndipo kumazizira ngakhale mu Julayi. Tengani jekete. Dutsani pansonga m'mawa, chifukwa mphenzi zimakonda masana, ndipo zitsulo za side-by-side sizikutetezani kwa izo.

Ana

Ana ambiri ovulala amakhala atakwera ATV ya akuluakulu. Makina aliwonse ali ndi chomata chonena zaka za wokwera, ndipo a akuluakulu ndi a zaka 16 kupita m'mwamba. Madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics amalangiza kuti wosafika zaka 16 asayendetse n'komwe. Makolo amene asankha kugulira mwana kakang'ono ka msinkhu wake asamuchotse diso. Mu side-by-side, mwana akwere pokhapokha ngati atatsamira kumpando mapazi ake akuponda pansi ndipo dzanja likufika pa chogwirira. Wapamiyendo ndi wa kumbuyo konyamulira katundu alibe chomuteteza.

Nthaka, nyama ndi anzanu a panjira

Kufupi ndi tauni ya Moab ku Utah, m'mbali mwa njira, muona dothi lakuda la tizitumphutumphu. Ndi lamoyo: ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso talukana n'kumanga mchenga kuti usauluke, ndipo timasunga chinyontho cha zomera. Tayala limodzi limaphwanya zimene zimatenga zaka makumi kuti zibwerere. Choncho mukapeza chithaphwi kapena mwala m'njira, dutsani pomwepo mosamala. Kulambalala kumakulitsa njira, ndipo njira zowonongeka ndizo zimatsekedwa kwa onse.

M'chipululu cha Mojave muli fulu wotetezedwa ndi lamulo. Amasunga madzi m'chikhodzodzo, ndipo mukamunyamula mwina amawataya chifukwa cha mantha, n'kufa ndi ludzu pambuyo pake. Amakondanso mthunzi wa galimoto yoima, choncho suzumirani pansi musananyamuke.

Mukakumana ndi wokwera hatchi, patukani, zimitsani injini, vulani helemeti ndi kulankhula, kuti nyamayo idziwe kuti ndinu munthu. Wokwera chitunda mpatseni njira. Podutsana ndi gulu lina, kwezani zala kusonyeza anzanu amene atsala kumbuyo. Womaliza amakweza chibakera. Geti la ng'ombe lisiyeni mmene mwalipezera. Pafupi ndi misasa yendani pang'onopang'ono, ndipo fumbi likatchinga mnzanu wa kutsogolo, tsalirani mpaka liyere.

Ngozi ikachitika

Zimitsani injini, ndipo wina aime kumtunda kwa njira kuchenjeza obwera. Ngati wovulala akudandaula khosi kapena msana, musamusunthe, musamuvule helemeti pokhapokha ngati akulephera kupuma. Tsinani bala lotuluka magazi ndi nsalu, mpangireni mthunzi, imbani 911 ndipo muwerenge manambala a GPS a pafoni. Makina akafera kutali, khalani pomwepo mpaka dzuwa litapepa. Ofunafuna amaona galimoto msanga kuposa munthu woyenda pansi.

Phunzirani musanakwere

Kuwerenga kokha sikuphunzitsa thupi kupendekera pakona. Bungwe la ATV Safety Institute limaphunzitsa pabwalo, mlangizi ali pomwepo, ndipo lili ndi maphunziro aulere a pa intaneti. A side-by-side amaperekedwa ndi bungwe la ROHVA. Ngati mwangobwereka makina, musachoke mpaka wobwereketsa atakuonetsani mabuleki, magiya, chozimitsira injini ndi mapu a njira zoyenera woyamba kumene. Yambani pamalo afulati. Chitunda chimene mtima ukukayikira, chisiyeni; wobwerera panjira sanalakwe, ndipo mnzanu wokukakamizani sadzakusenzerani ululu wake.