Malangizo kwa Obwerera pa Chishalo cha Njinga

Lero tikulankhula ndi inu akuluakulu amene munasiya kupalasa njinga kalekale ndipo mukufuna kuyambiranso. Langizo lathu ndi limodzi: gulani njinga yolingana ndi msinkhu wanu, yomwe zipangizo zake zimapezeka pamsika wakwanuko. Mukakhala pachishalo, pedulo ili pansi penipeni, bondo lizipindika pang'ono chabe. Chishalo chikatsikitsitsa maondo amawawa, mapeto ake njinga imangochita dzimbiri pakhonde. Taonani akabaza a ku Salima ndi ku Liwonde: ambiri amadalira njinga yopanda magiya, ya matayala a mainchesi 28, chifukwa tcheni, chubu ndi masipoko ake amapezeka kwa wokonza njinga aliyense.

Wina afunsa kuti, nanga zitunda zakwathu? Zoonadi, kumalo a mapiri ngati Zomba magiya amathandiza, koma amafuna chisamaliro, ndipo panjinga zambiri zakaunjika mano ake amakhala atatha kale, tcheni n'kumadumpha. Paja chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho musanalipire, ipalaseni kaye, finyani mabuleki onse awiri, zunguzani tayala muone ngati silikugwedera. Njinga yabwino ndi imene mudzaikwere mawa ndi mkuja.